Tizilombo Tomwe Ndinayanika Padenga

Linali Lachiwili cha m'ma teni koloko m'mawa, mvula yobzalila itagwa kale, pamene njinga yamoto ya alangizi a zaulimi inaima pakhomo panga kuno ku Ndake. Ndikanadziwa zomwe zikubwela, ndikanatseka chitseko n'kutuma uthenga kuti ndili kuchigayo.

Ndiyambe kumbuyo pang'ono. Amuna anga, awisi Esnati, anamwalila mu Juni titangomaliza kukolola. Zaka zonse zomwe tinakhala limodzi, nkhani za mbewu zinali zawo. Ine zanga zinali kupalila, kukolola ndi kuyanika. Pa kuyanika pokha palibe angandiphunzitse. Ufa wanga sunachitepo nkhungu, ndipo mfutso wanga umafika mvula ina uli bwinobwino.

Munda womwe tinkalima ndi wa kwao kwa malemu. Malilo atatha, alamu anga a Daka, akulu awo a awisi Esnati, anandiuza mwaulemu kuti ndilime chaka chimodzi aone. Ukandikanika adzapatsa mwana wawo alimemo thonje, ine ndibwelele kwathu ku Luembe komwe ndinachoka ndili mtsikana. (A Daka sakalipa. Amangoyang'ana pansi n'kumayankhula zinthu zolemela.)

Ndiye ndinalowa kalabu ya azimayi olima chimanga. Tsiku lomwe alangizi athu, amai Chanda ochokela ku Kasama, anagawa timapaketi, ndinafika mochedwa chifukwa mbuzi zinathyola khola. Ndinapeza akumaliza. Chomwe ndinamva n'chakuti m'paketimo muli tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteliya, koma tabwino. Timakhala kumizu ya chimanga n'kumatulutsa timadzi tina, akuti mahomoni, tomwe timachititsa mizu kuchuluka ndi kutalika, kuti chimanga chizifika patali pofuna madzi ndi chakudya. Za kasungidwe anali atanena kale ine ndikuthamangitsa mbuzi. Atafunsa ngati pali funso, ndinakhala chete. Sindinafune kuti anthu anene kuti wamasiye uja sadziwa kanthu.

Nditafika kunyumba ndinatsegula paketi. Munali ufa wakuda, wonyowa, wonunkha ngati pansi pa nkhokwe. Zolemba zake zinali m'Chingelezi, ndipo mwana wanga Esnati, yemwe amandiwelengela zinthu zotele, anakwatiwa ku Petauke. Koma ine sindinaone chofunsila munthu. Chinthu chonyowa chimafuna dzuwa, basi. Ndinawamvela chisoni amai Chanda, kuti sukulu yonse ija koma osadziwa kuti katundu wawo wayamba kuwola.

Ndinatenga lichelo langa latsopano n'kukhuthulilapo ufawo. Ndinaphwanya timibulu ndi zala, n'kusefa ndi sefa ya ufa. Kenaka ndinakwela pamtondo ndi kuika lichelo padenga la malata kuti nkhuku zisafike. Dzuwa la kuno mvula ikangodukiza mumalidziwa, malata amawotcha ngati chiwaya. Ndinayanika masiku awili athunthu, ndipo masana aliwonse ndinkakwela kukatembenuza kuti uume mbali zonse. (Ndikachita chinthu, ndimachita ndi mtima wonse. Vuto langa ndi lomwelo.)

Anansi anga, anyina Tisa, anandiuza kuti alangizi ananena zosakaniza ufawo ndi madzi a shuga n'kupaka kumbewu. Apa ndinakumbukila zomwe anamwino amatiphunzitsa, kuti madzi osathila kololini ndi matenda okhaokha. Ndinatunga ndowa, ndipo poti chinali chinthu cha boma, ndinathila zivindikilo ziwili za kololini m'malo mwa chimodzi. Ndinawauzanso anyina Tisa kuti abweletse paketi yawo ndiwayanikile. Anati abwela nayo mawa lake, osabwela. Ulesi wawo unawapulumutsa.

Sizinathele pomwepo. Madzulo ake ndinakumana ndi a Daka panjila, ndipo pakamwa panga panathamanga. Ndinawauza kuti ndili ndi mankhwala atsopano, chaka chino chimanga changa adzachionela patali. Anangoyang'ana pansi.

M'mawa mwake ndi Lachiwili lija. Amai Chanda anavula chipewa cha njinga, tinapatsana moni, ndipo anafunsa ngati paketi ndaisunga bwino.

"Bwino kwambili, madamu. Inali yonyowa koma ndakonza."

"Mwakonza shani?" Akadabwa, Chibemba chimawatuluka chokha.

Ndinakwela pamtondo n'kutsitsa lichelo, ndikumwetulila ngati mwana woonetsa malipoti a kusukulu. Anagwila ufa uja, unali wotentha. Ananunkhiza madzi a m'ndowa. Kenaka anakhala pansi pakhonde osadikila kuti ndiwapatse mpando.

"Amai, mabakiteliya aja ndi amoyo. Dzuwa limawapha, kololini amawapha. Palichelo apa pali malilo ambili kuposa anthu onse a boma la Nyimba."

Atangonena mawu akuti malilo anagwila pakamwa, poona chitambala changa chakuda, nayamba kupepesa. Koma ine ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalilile awisi Esnati. Ndinaganiza kuti ine amene sindingaphe ngakhale nkhuku ndapha mtundu wonse, n'kumautembenuzanso masana aliwonse. Kusekako kunatha pamene anandiuza kuti mapaketi anatha, ena sabwela chaka chino. Ndinaona nkhope ya a Daka, ndinaona njila ya ku Luembe.

Anapempha paketi yopanda kanthu kuti apite nayo. Ndinawauza kuti si yopanda kanthu, mwatsala pang'ono. Awisi Esnati anali ndi lamulo lawo loti paketi ya chilichonse, kaya mbewu kaya mchele, osaikhuthula yonse. Zotsalazo ankamanga ndi luzi n'kuika kuseli kwa mtsuko wa madzi akumwa, pomwe pansi pamakhala pozizila nthawi zonse. Ndi pomwe ankasunganso kachitini kawo ka fodya wonunkhiza kuti asaume. Ine tsiku lija sindinaganize n'komwe. Manja anangochita zomwe anazolowela kuona.

Amai Chanda analowa okha m'nyumba, nagwada kuseli kwa mtsuko, namasula luzi. Ananunkhiza, nafinya pakati pa zala.

"Awa ali moyo. Anakuuzani ndani kuika apa?"

"Awisi Esnati," ndinatelo.

Sanafunsenso zambili. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, tinatunga madzi ena opanda kololini, tinathila shuga supuni imodzi, n'kupaka mbewu. Inangokwanila mbale ziwili. Anati mbewuyo iume pang'ono pamthunzi ndipo ibzalidwe tsiku lomwelo. Anandichenjezanso kuti tizilomboti si tolowa m'malo mwa manyowa kapena khasu, timangothandiza mizu. Nthawi yonseyo maso awo anali pa ine, kuopa kuti ndingasunthile mbale kudzuwa.

Pano ndiulule chinthu china. Iwo anati mizele ya mbewu yopakayo ndiike pakati pa munda. Ine ndinaibzala m'mphepete, pambali pa njila yomwe a Daka amadutsa popita kuthonje kwawo. Inatuluka mizele khumi ndi iwili. Kwina konse ndinabzala mbewu wamba, ndipo manyowa a mbuzi zija ndinathila ponseponse mofanana.

Mu Januwale mvula inadula masabata awili. Chimanga chonse chinkapinda masamba masana, koma cha m'mphepete chinkachedwa kupinda, ndipo madzulo chinkayamba ndicho kutambasuka. Tsiku lina ndikupalila, a Daka anaima panjila. Anayang'ana mizele ija nthawi yaitali. Ndinati zayenda. Koma a Daka si mwana, analowa mpaka pakati pa munda. Anazula phesi limodzi kumeneko, nabwela kudzazula lina m'mphepete, nawagoneka pamodzi. La m'mphepete mizu yake inali yambili ngati ndevu, linalo inali yochepa. Anafunsa chifukwa chake mankhwala otchuka aja anangokwana m'mbali mwa njila.

Ndinawauza zonse, za lichelo, za sefa, za kololini. Anayang'ana pansi monga mwa masiku onse, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka. Atapukuta m'maso anayang'ana munda wonse, womwe unalibe udzu ngakhale umodzi.

"Mlamu, munthu wokwela padenga masana aliwonse kukatembenuza mankhwala a boma si waulesi. Limani munda wa mng'ono wanga."

Chaka chimenecho nkhokwe sinadzaze, koma chimanga chinandifikitsa kukolola kwina, ndipo za ku Luembe sizinatchulidwenso. Kukalabu mpaka lelo, dzuwa likawala kwambili, anyina Tisa amandifunsa ngati ndili ndi choyanika.

Sindinganame kuti ndinasinthilatu. Ndikatsegula paketi n'kuona ufa uli wonyowa, maso amapitabe kudenga. Koma tsopano kumsonkhano ndimafika woyamba, ndimakhala kutsogolo, ndipo ndimafunsa mpaka amai Chanda atope. Lichelo ndi la ufa wa chimanga basi. Paketi ndikalandila ndimaimanga ndi luzi n'kuiika kuseli kwa mtsuko, pambali pa kachitini ka awisi Esnati.