Wondiyeza wa Pansi

Lolemba, 2 Malichi

Tsiku la 12 chichokereni Nabanda. Sindikuwerengatu, kalendala ndiyo ikundiyang'ana.

Mkazi wanga ali kumapeto kwa dziko, kumpoto kozizira, kumene malovu amafika pansi ali mwala. Yunivesite yamutuma kukaona ngati setilaiti imanena zoona. Iyo ili m'mwamba, imati ozoni ndi timipweya tina tochepa tilipo tochuluka chonchi. Iye ali pansi ndi makina oloza dzuwa, amayeza yekha n'kuyerekeza. Chitsulo cha azungu kufunsidwa mafunso ndi mwana wa ku Dedza! Ndimadziwa kusankha ine.

Vuto: akuti akamva kuti ndikuvutika, abwerako msanga. Ayi! Ulendowu waudikira zaka zitatu. Pulani: lipoti tsiku lililonse, lochokera kwa mwamuna wokondwa kuposa onse mu Sheffield.

Lachiwiri, 3 Malichi

Lipoti: "Ndaphika mpunga, nkhuku, masamba a mitundu itatu. Ndachapa mpaka makatani."

Zoona zake:
buledi
tiyi
buledi wina

Yankho lake: "Kuno mitambo, sitinayeze kanthu. Makatani ake ati?"

Ndayang'ana pazenera. Tilibe makatani! Ndi timapulasitiki tokoka ndi chingwe tija.

Lachitatu, 4 Malichi

Anti Mwale, nesi wa khomo loyandikana nafe, agogoda kudzapempha mchere. Mchere amaufunafuna mu firiji? M'bini? Asuzumira ngakhale m'makina ochapira.

"Achimwene, mwaondatu."

Ine kuonda? Ndawauza kuti ndi mitunda ya mzinda uno, ndimaikwera chothamanga, mabasi n'kumandipempha kuti ndiwadikire.

Nyumba ikangokhala zii, firiji imalira ngati munthu.

Lachinayi, 5 Malichi

Nabanda akuti setilaiti imadutsa pamutu pake kangapo pa tsiku. Kangapo! Mwini wake ine ngakhale kamodzi.

Poweruka kuntchito ndatsika thiramu, kasitima koyenda m'misewu kaja, ndakwera pamtunda wa kupaki, ndakweza manja onse awiri. Mwina ikadutsa indione, ikamuuze. Kumwamba kuli mitambo yokhayokha, mvula mpaka m'masokosi. Galu wa mzungu wina wandiuwa.

Basi yadutsa. Pazenera, nkhope ya anti Mwale.

Lipoti: "Ndinali ku jimu."

Lachisanu, 6 Malichi

Ndawapeza anti akujambula sinki yanga ndi foni! Mbale zake si zambiri, mwina zikwi ziwiri basi.

"Ndatumidwa, achimwene. Musandiyang'ane choncho."

Ndafunsa Nabanda. Akuti: "Abambo, setilaiti yopangidwa ndi maprofesa sindiikhulupirira popanda woyeza wa pansi. Ndiye inuyo?"

Kani setilaiti ndine! Chikhalireni ndikuulutsa malipoti m'mwamba, pansi pali wina akulemba zake.

Loweruka, 7 Malichi

Lero za pansi zigwirizane ndi za m'mwamba, zivute zitani.

Mbale: zatsukidwa!
Bini: yatulutsidwa!
Nkhuku: ili pamoto, yeniyeni!

Kenako posesa ndapeza duku la Nabanda kuseri kwa chitseko. Likununkhirabe mafuta ake a tsitsi. Ndakhala pamasitepe pang'ono chabe, miniti imodzi.

Miniti yake yatha ndi alamu ya utsi. Nkhuku yasanduka makala. Anti alowa akukupiza utsi ndi thaulo, andipeza duku lili m'khosi.

"Maso afiira bwanji?"

"Ndi utsi, anti."

Sanajambule. Angotsegula mazenera.

Lamulungu, 8 Malichi

Pochoka kutchalitchi ndapeza uthenga. Nabanda walemba mizere iwiri, ngati ya kuntchito kwake. Mbali iyi zonena ine, mbali iyo zoona anti. Nkhuku, buledi. Jimu, kubayibitsa mitambo. Sizikugwirizana paliponse.

Ndati basi, akulongedza, ulendo wake ndauononga ndine.

Koma pansi wawonjezera: "Setilaiti ikamakokomeza sitiitsitsa ayi. Timangodziwa kuti imawonjeza ndi zingati. Zanu ndimagawa ndi khumi kuyambira tili pachibwenzi. Kuno dzuwa latuluka, tikuyeza, sindikubwera. Ingonditumizirani lipoti limodzi loona."

Ndalemba, ndafufuta. Ndalembanso za mitunda ndi mabasi, ndafufuta. Chatsala: "Ndakusowa. Buledi watha."

Intaneti yawo imayendera ndodo. Yankho lafika tiyi atazizira: "Izi zokha ndiye zagwirizana ndi za pansi. Nanenso."

Anti abweretsa nyemba. Duku ndalibwezera kuseri kwa chitseko, kenako ndalitenganso.

Atsala masiku 31. Ndikuwerenga.