Geti Linakana Chibwano Changa

Mukandiona ndikutsimphina masiku ano, musafunse ngati ndinakumana ndi matsotsi. Chinandimenya ine ndi chitukuko. Ndipo poti kanema wake wayenda kale m'mafoni a Amalawi kuchokera ku Primrose mpaka ku Thokoza, kuli bwino ndifotokoze ndekha, mumveko mbali yanga.

Ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa kompuleksi ina ku Primrose, kuno ku Joni, nyumba zambirimbiri mumpanda umodzi. Pageti pankakhala a Nkhoma, bambo wachikulire wa ku Kasungu, munthu woti akakuona ukubwera patali ankadziwiratu ngati kunyumba kwacha bwino kapena mwakangana. Chaka chatha komiti ya eni nyumba inakhala pansi n'kupeza kuti mlonda ndi wodula, dziko linapita patsogolo. A Nkhoma anawagulira keke, kuwaombera m'manja, basi ntchito yatha. M'malo mwawo anakhomapo kabokosi kagalasi ka diso limodzi. Ukaima patsogolo pake kamakuyang'ana nkhope, kakakudziwa, kageti ka oyenda pansi kamazungulira n'kulowetsa munthu mmodzi.

Antchito tonse anatijambula. Ine tsiku limenelo ndinali ndi ndevu zanga, ndevu zenizeni, zoti m'minibasi anyamata ankandisiyira mpando.

Vuto linayamba ndi ukwati wa mlamu wanga ku Thokoza. Mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

“Bambo a Tadala, ndi tchire limenelo simulowa pa chithunzi cha mng'ono wanga.”

Ndinayesa kukana, koma amene muli pabanja mukudziwa mmene milandu yotere imathera. Ndinameta zonse, chibwano chinasalala ngati dzira.

Lolemba m'mawa ndinafika kuntchito ndili ndi udindo wapadera. Madamu a nyumba yakumapeto anali atapita ku Durban, n'kundisiyira galu wawo wokalamba kuti ndizimudyetsa ndi kumumwetsa mapiritsi a mtima m'mawa uliwonse (inde, galu wa mapiritsi a mtima, ine mutu ukandipweteka ndimamwa madzi). Anandiuza mosapita m'mbali kuti galuyo akangodumphitsa mankhwala, ntchito yanga yathera pomwepo.

Ndinaima pa kabokosi. Kanawala kofiira, ndipo liwu la mzimayi linanena m'Chingerezi chaulemu kuti silikundidziwa. Ndinamwetulira. Kofiira. Ndinakwinya nkhope ngati mmene ndimaonekera mwezi ukafika pakati. Kofiira. Ndinavula chipewa, ndinachivalanso, ndinaphimba chibwano ndi dzanja. Mzimayi uja anangobwereza zomwezo, osakwiya, osatopa, ndipo chimene chimawawa kwambiri n'chimenecho. Munthu ukhoza kukangana naye.

Kenako anafika mayi Phiri, amene amachapa ndi kusita m'nyumba ina momwemo. Anandiyang'ana n'kuseka mpaka kugwira mpanda.

“Achimwene, ndinu? Ndimayesa mwana wasukulu!”

“Chemwali, tilowe limodzi. Tipanikizana pang'ono chabe.”

“Iii, pepani. Kamera ikutiona. Ananena kuti wolowetsa mnzake achotsedwa tsiku lomwelo. Ine ana anga adya chiyani?”

Geti linawazungulirira bwinobwino, ine n'kutsala panja ngati wogulitsa matsache.

Pansi pa kabokosi panali nambala yoimba ukakhala pa vuto. Ndinaimba. Anandiyankha makina enanso: dinani apa, dinani apo, dikirani, ndinu wofunika kwambiri kwa ife. Anandiyikira nyimbo ya limba mpaka mayunitsi anandithera. Mkati muja galu anali atayamba kulira.

Apa ndiloleni ndinene maganizo anga, poti a komiti sanandifunse. Amati makina salakwitsa, sadwala, sapempha tchuthi cha maliro. N'zoona. Koma makina sadziwanso kuti munthu amameta, amaonda, amatupa tsaya dzino likamupweteka. Anachotsa bambo wa ana pantchito kuti apulumutse ndalama, n'kugula chinthu choti munthu wachigwadira m'mawa uliwonse chaka chathunthu, chimukane chifukwa cha lezala. Ndiye akuti nzeru zamakono zimenezo! Nzeru zake ziti?

Tsono mkwiyo ndi umene unandipusitsa. Kutsidya kwa msewu kuli mkulu wina wosoka nsapato. Ndinamupempha polishi wakuda, n'kudzijambula ndevu ndikudziyang'anira pagalasi la galimoto ya eni ake. Ndinabwerera pa kabokosi ndikununkha ngati nsapato ya wapolisi. Kofiira.

Mtsikana woluka tsitsi pafupi pomwepo anali akuonerera zonsezi. Anandimvera chisoni (kapena ankafuna kuona pothera pake, sindikudziwa) n'kundipatsa zotsalira za meshi. Tinazimanga ndi ulusi kuchokera khutu ili kufika khutu linalo. Ndinaimanso pa diso lija. Ulendo uno kabokosi kanachedwa kuyankha, ngati kakuganiza. Kenako kanalira kuti pii pii pii, n'kulemba kuti kadzitseka chifukwa pali munthu wokayikitsa.

Ndili chiimire choncho, magetsi anazima dera lonse. Maloboti anafa, majenereta a m'mashopu anayamba kukhosomola. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Joni kuno ndinasangalala ndi kuzima kwa magetsi. Ndinati eya, tione ngati ulankhulenso. Kuyang'ana, kabokosi kali ngwee! Pamwamba pa kanyumba kakale ka a Nkhoma anali atayalapo masola. Tangoganizani. Ine ku Makause kumene ndimakhala mwana wanga amawerengera kandulo, foni timakatchajitsa kwa eni ake, koma geti lili ndi sola yakeyake ndi mabatire. Geti! Chinthu chosaphika, chosasamba, chosalemba mayeso.

Ndiye mutu wanga unawerengera motere: masola ochepa ngati amenewa sangakwanitse geti ndi mawaya amagetsi a pampanda pamodzi, ndiye kuti mawayawo afa. (Sukulu ya zamagetsi sindinapiteko, ndingonena.) Ndinazungulira kuseri, n'kukokera bini ya zinyalala kumpanda, n'kukwera. Ndinafika pamwamba, mwendo umodzi uku wina uko. Ndinagwira waya.

Abale, ndinaona agogo anga amene anamwalira ndili mwana. Chinthu chinandimenya kuchokera m'chikhatho mpaka kuchala chachikulu cha kuphazi, ndinakuwa m'chinenero chimene sindichidziwa, n'kugwera mkati, m'maluwa a minga amene ndinabzala ndekha ndi kuwathira manyowa ndi manja angawa. Alamu inalira kompuleksi yonse.

Galimoto ya kampani ya alonda inafika ndisanamalize kuzula minga. Anatsika anyamata awiri, mmodzi mfuti ili m'manja, akukuwa m'Chizulu.

“Wenzani la, baba? Lala phansi!”

Kugona pansi ndinali nditagona kale. Ndinayesa kufotokoza kuti ndimagwira ntchito pompano, koma dziikeni m'malo mwawo: munthu wagwa kuchokera pampanda, kumaso kuli polishi, ndevu zabodza zikulendewera kukhutu limodzi. Ngakhale ine ndikanadzimanga. Apa nthabwala zinandithera. Ndinayamba kuganiza za pasipoti yanga, za maselo a polisi, za mkazi wanga akulandira uthenga kuti mwamuna wake wagwidwa akuba atavala meshi.

Anaitana wapampando wa komiti, bambo amene ndimamutsukira galimoto Lachisanu lililonse. Anabwera, anandiyang'ana kuchokera patali, n'kupukusa mutu. Akuti sanandionepo.

Amene anandipulumutsa ndi galu uja. Anapeza podutsira pansi pa kampanda ka madamu, anabwera akuwefuka ndi mtima wake wodwalawo, n'kuyamba kundinyambita kumaso, mchira uli pikupiku. Polishi atachokako mbali imodzi, mayi Phiri anafuula ali pakhonde kuti, “Ndi wa m'maluwa uyo, musiyeni!” Apo m'pamene wapampando anavala magalasi n'kunena kuti ndikufananadi naye.

Galu anamwa mapiritsi ake. Ine anandipititsa ku ofesi kuti andijambulenso tsiku lomwelo, mlomo uli wotupa, diso limodzi litatsinzina, tsaya lili zikandezikande. Ndinawauza kuti tidikire ndipole. Anati wojambulayo amachokera kutali, sangabwerenso chifukwa cha ine.

Mlungu womwewo komiti inakumana n'kuonera kanema wa pakamera. Ine ndimayembekezera kupepesedwa, kapena kumva kuti a Nkhoma abwerera. Mayi Phiri, amene ankawapangira tiyi, akuti anthu anaseka mpaka misozi, kenako anaomba m'manja kuti makina agwira ntchito yake, aletsa munthu wokayikitsa kulowa. Agwirizana kugula kabokosi kena ka geti lakumbuyo.

Masiku amene ndinali wotupa, geti linkanditsegulira mwaulemu wonse. Lero m'mawa ndadzuka nditapola, nkhope yabwerera mwakale, ndipo kabokosi kawalanso kofiira. Ndikulemba izi nditakhala pamwala panja pa mpanda, kudikira munthu wa ku ofesi amene akuti ali m'njira.

Mawaya sindidzagwiranso, phunziro limenelo linalowa mpaka m'mafupa. Kungoti pamene ndakhala pano ndikuona ngalande ya madzi a mvula yodutsa pansi pa mpanda, ndipo ine si munthu wonenepa kwenikweni.