A Vitalis Zuze ndi Kapitawo wa M'bokosi

Funsani aliyense amene ankayenda m'tauni ya Blantyre zaka zimene intaneti inkangofika kumene, kuti ndani amene sankakhala pansi. Sakutchulirani apolisi a pamsewu kapena makondakitala a minibasi. Akutchulirani a Vitalis Zuze. Matako anali nawo, ndikudziwa chifukwa mathalauza awo ndinkasoka ndine, koma ankangoyenda nawo ngati katundu wa eni. Tiyi ankamwera chilili. Nyuzipepala ankawerenga akuyenda. Pampando wa mu ofesi mwawo kangaude anamangapo nyumba, kubereka ana, mpaka kuwakwatitsa, osasokonezedwa.

Ife tinkaseka. Amene sankaseka ndi mwana wawo wamkazi, Felicia, amene anakula osawaonapo bambo ake atakhala naye pachinthu mpaka kutha.

Ine ndine Laban, telala. Sukulu ndinalekera panjira, koma makutu sindinawasiye komweko. Makina anga osokera anali pakhonde la nyumba imene munali kakampani ka a Pearson, kogulitsa intaneti ku maofesi. M'kachipinda kakumbuyo munali bokosi la kompyuta limene linkalandira ndi kutumiza makalata a imelo a maofesi ambiri, kuyambira m'tauni, Ginnery Corner mpaka ku Limbe. Woweta bokosilo anali a Vitalis, Msena wa ku Nsanje, wamtali ngati mtengo wa magetsi.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti m'bokosimo muli chiyani choti munthu wamkulu n'kumachiopa kuposa apongozi. Anandiyankha akuzungulira makina anga mpaka khosi linandipweteka. Anati muli gulu la antchito osaoneka. Wina amaima pakhomo kulandira makalata, wina amaona ngati adiresi ili bwino, wina amawaimika pamzere, wina amathamanga nawo kunja, wina amawaponya m'timabokosi ta eni ake. Ndiye pamwamba pa onsewo pali kapitawo.

"Kapitawoyo amanyamula makalata angati?" ndinafunsa.

"Olo imodzi. Sakhudza kalata."

"Ndiye ndi mlesi ngati alamu anga."

Anaima mwendo umodzi uli m'malere, n'kundiuza kuti ndisanyoze zimene sindizidziwa. Ntchito ya kapitawo, iwo anati, ndi kutchera khutu pamakomo. Wina akagogoda, amadzutsa wantchito mmodzi. Akagogoda ambiri, amadzutsanso ambiri, koma pali malire, chifukwa mukadzutsa onse amapondana ndipo bokosi limakomoka. Amene wakhala manja lende amamubweza kokagona. Amene wanyamula makalata ambiri amamupumitsa mutu usanasokonekere, n'kuikapo watsopano. Wina akafera pantchito, amadzutsa mnzake. Koma akadzutsa wina n'kugwa pomwepo asanagwire kanthu, kapitawo sapupuluma. Amalemba dandaulo n'kudikira kaye, chifukwa kumangodzutsa anthu ogwa motsatizana n'kungotopetsa mudzi.

Ndinawauza kuti ndili mnyamata ndinathyolako tiyi ku Thyolo, akapitawo ndinawaona amitundumitundu, koma wopumitsa munthu asanatope sindinamuonepo. Iwo anati n'chifukwa chake ameneyu anamutsekera m'bokosi, kuti akapitawo anzake asamuphunzitse makhalidwe.

Vuto linali lakuti a Vitalis anamukonda kapitawoyu mpaka kusanduka iye. Kwathu ku Mbayani kutagwa maliro, tinawapeza kumanda ataima pamulu wa dothi, manja kumbuyo. Amuna onse ankafuna kudumphira m'dzenje nthawi imodzi monga mwa masiku onse, iwo anati anayi okha, enanu khalani pamthunzi mpaka muitanidwe. Panali Bennet, chimphona chonyamula matumba mumsika, amene ankakumba ngati wakwiya ndi nthaka. Thukuta litangoyamba, anamuuza kuti atuluke.

"Sindinatopetu, madala."

"N'chifukwa chake ndikukutulutsa."

Bennet anatuluka akulankhula zimene sizilankhulidwa pamaliro. Kenaka analowa wina amene anali atadzera kaye kwa mayi a kachasu. Anangokweza piki, n'kugwa chagada. Anzake anafuna kumuimitsa n'kumupatsanso piki, a Vitalis anati ayi, wagwa atangodzuka ameneyo, mudikire kaye. Anamugoneka pansi pa mtengo. Manda anatha amayi asanamalize kuluka nkhata, chinthu chimene Mbayani inali isanaonepo. Koma mkulu wina atawapatsira fosholo kuti aponyeko dothi pang'ono, anabisa manja m'thumba. Anabwerera kunyumba okha nsapato zikunyezimira. Akazi awo, mayi Hilda, ankati n'chimodzimodzi kunyumba: amadzutsa aliyense m'nyumba, ngakhale mphaka, koma kapu sanatsukepo.

Tsono kapitawo wa m'bokosi anali ndi chilema chimodzi. Ankatha kudzutsa aliyense, koma osati iye mwini. Magetsi akazima, batire inkagwira kanthawi kochepa n'kutha, bokosi lonse zii. Akayaka, pankafunika munthu wa magazi kuti akadinde batani n'kuona kuti kapitawo wadzuka bwino. Munthuyo anali a Vitalis, ndipo kiyi wa kachipindako ankagona naye m'khosi. Ndiye mukudziwa mmene magetsi ankavinira zaka zimenezo.

Anathawa kometa ku Limbe mutu uli theka, makina ometera atangoti zii, nsalu ili m'khosi ikuuluka kumbuyo ngati mbendera. Tsiku lina akupita ku Nancholi anangoona maloboti azima, anatsikira pawindo la minibasi. Amene amapemphera nawo amanenetsa kuti anatulukapo m'kachipinda kolapira tchimo lili theka, ndipo theka linalo anabwera nalo sabata yotsatira, bambo mfumu ataiwala poyambira. Pa ubatizo wa Felicia anachoka madzi asanaume pamutu. Tsiku limene mwanayu ankalandira mphoto kusukulu, anaomba m'manja ali kale pageti.

Ndiye Felicia anakula, napeza mwamuna, mphunzitsi wofatsa dzina lake Chrispine. Anabwera pakhonde panga ndi nsalu ya suti ya bambo ake, iwo akuzungulirazungulira monga mwa nthawi zonse. Sanakweze mawu. Anaika nsaluyo pamakina n'kuwayang'ana.

"Bambo, tsiku limenelo mundigwira dzanja mpaka kuguwa. Kenaka mukhala pabenchi mpaka Misa ithe. Mukadzuka, musavutike n'kubwerera. Ana anga adzakudziwani ngati munthu wa ku ofesi ya a Pearson."

A Vitalis anaima. Miyendo yonse iwiri pansi. Mayi ogulitsa nthochi pambali pathu anachita kudzuka kuti aone bwino.

Ine pofuna kuchepetsa nkhani ndinati zosavuta, ndibwera ndi singano kutchalitchi ndidzawasokerere thalauza pabenchi. Felicia sanaseke. Anati ayi, a Laban, akhale okha.

Kuwayesa sutiyo inali ntchito ya anthu atatu. Phewa ndinayesera pakhonde, mkono tikuwoloka msewu, chiuno ndinachipezera ku Clock Tower nditatha mpweya. Mkono umodzi unatuluka wautali, koma ndinawauza kuti ndi mmene akuvalira kunja. Sabata yonseyo a Vitalis sanagone tulo tabwino. Anawaphunzitsa a Pearson batani lija ngati akuphunzitsa mwana katekisimu, n'kuvula kiyi m'khosi, n'kuwapatsa. A Pearson analonjeza kuti akhala mu ofesi tsiku lonse.

Loweruka la ukwati tchalitchi chinadzaza. A Vitalis analowa ndi Felicia, ndipo ndinaona mwanayo akuwakoka dzanja kuti achepetse liwiro, chifukwa akanawasiya akanafika kuguwa kwaya isanatsegule pakamwa. Anamupereka kwa Chrispine, n'kukhala pambali pa mayi Hilda. Ine ndinali pabenchi ya kumbuyo kwawo. Atangotembenuka kuti andipatse moni, maso awo anagwera pa munthu wovala tayi yofiira, akuwamwetulira ndi kuwabayibitsa. A Pearson. Anali ataganiza kuti Loweruka lowala chonchi magetsi sangazime, ndiponso akazi awo anali atagula kale chipewa.

Bambo mfumu ali pakati pa ulaliki, chimkuzamawu chinangoti thi. Mafani anayamba kuzungulira mwaulesi mpaka kuima. Woimba kiyibodi anakweza manja m'mwamba ngati wagwidwa.

Kunena zoona, palibe amene anayang'ana kuguwa. Tchalitchi chonse chinatembenukira kwa a Vitalis. Felicia yekha ndi amene sanacheuke, koma msana wake unauma ngati thabwa. Mayi Hilda sanawagwire jekete, anangopinda manja. Bondo la a Vitalis linayamba kugunda benchi ya kutsogolo mpaka mabuku a nyimbo anayamba kugwa. Matako ananyamuka pang'ono, mpata woti mungalowetsepo nyuzipepala. Ndiye ine, poti Mulungu anandipatsa pakamwa posagona, ndinawanong'oneza kuti kapitawo wakomoka, a Zuze, makalata a Limbe yonse akugogoda pakhomo lotseka.

Anandiyankha mano ali okukuta, osatembenuka.

"Agogode. Akapeza potseka sataya kalata. Makompyuta otumizawo amaisunga pamzere kwawo, n'kumabweranso, n'kumabweranso, masiku angapo. Sipatayika olo imodzi."

Ndipo matako aja anatera. Pang'onopang'ono, ngati ndege yokayika bwalo, koma anatera. Anagwira benchi ndi manja onse awiri, thukuta likutsika m'kolala yatsopano imene ndinawasokera. Kwaya inaimba popanda kiyibodi, bambo mfumu anakuwa ndi mawu awoawo, mphete zinalowa. Magetsi anayaka, anazimanso, anayakanso, iwo ali pomwepo. Misa itatha anayenera kuwadzutsa anthu awiri, miyendo inali itachita dzanzi posazolowera. Felicia potuluka anaima pabenchi pawo, n'kuwakonza tayi.

Koma mayi Hilda anali atamva zimene anandinong'oneza. Anadikira tifike kuholo, anthu ayambe kudya, ndiye anawakhalira pafupi.

"Bambo a Felicia, mwati makalata aja amasungidwa?"

"Amasungidwa."

"Mwazidziwa lero?"

"Ayi. Kuyambira kalekale."

"Ndiye pa ubatizo paja munkathamangira chiyani? Tsiku limene ndinkachira mwanayu kuchipatala munkathamangira chiyani?"

A Vitalis anaika supuni m'mbale. Kenaka anati makalata amadziwa kudikira, mayi, amene sanaphunzire ndine. Mayi Hilda anawayang'ana ngati awathira supu pamutu, koma anangowaonjezera nyama m'mbalemo.

Bokosi a Vitalis anakalidzutsa ukwati utatha. Kapitawo anayasamula, nadzutsa anthu ake mosapyola malire, mulu wonse unalowa pang'onopang'ono, ndipo Lolemba palibe ofesi imene inadandaula. Ndikuganiza kuti zimenezi zinawapweteka pang'ono.

Patapita zaka makalata anasamukira ku makompyuta akutali amene palibe wa ife anawaonapo, kampani ya a Pearson inatseka, kachipinda kaja tsopano amagulitsamo mafoni. A Vitalis ankabwerabe m'tauni kudzakhala pabenchi pambali pa makina anga. Ankakhala ngati munthu wophunzira njinga, kugwa n'kudzuka, koma ankayesetsa. Loweruka ankapita kwa Felicia ku Nancholi, kumene ankati adzukulu amawakwera pamiyendo ndiye sangadzuke ngakhale atafuna. Anadwala nyengo yozizira ina, ndipo sanachedwe kutisiya. Ngakhale pamenepo anafulumira.

Masiku ano magetsi akazima m'tauni, majenereta amangoyamba kutsokomola, anthu n'kumayang'ana m'mafoni mwawo. Palibe chochititsa munthu kutulutsa mutu pakhomo. Msewu ulipo, anthu ndi ambiri kuposa kale, koma onse amayenda liwiro limodzi.

Mwezi watha Felicia anabwera kudzasoketsa mayunifolomu a ana, ndipo anatulutsa m'chikwama chithunzi chimene wojambula anawatola bambo ake m'tchalitchi muja. Akuti pa zithunzi zonse za banja lawo ndi chokhacho chimene aoneka atakhala pansi. Nkhope yaoneka bwino, suti yanga yaoneka bwino, koma mwendo wakumanja palibe, pangokhala kautsi, unkanjenjemera kwambiri moti kamera inalephera kuugwira. Ndinamuuza kuti pali anyamata pa Ginnery Corner amene angawajambulire mwendo wina pakompyuta, wabwinobwino.

Anachilanda msanga m'manja mwanga.

"Ayi, a Laban. Mwendowo unkafuna kupita. Bambo anga ndi awa anatsalawa."