Dzina la Amayi m'Kaundula wa Dziko

Mpaka lero ndikamadutsa ku Nabvutika, komboni yathu ya ku Chipata, pamene panali chikwangwani chija, ndimayenda mofulumira ngati pali wina akundisuzumira pawindo. Anthu ambiri anaiwala. Amene sanaiwale ndi mlongo wanga Esnati, ndipo nkhaniyi amaikamba pa ukwati uliwonse wa pabanja pathu, mothira mchere wake. Ndiye bola ndiikambe ndekha, mwina manyazi angachepe.

Atate anali mphunzitsi wa kumishoni, ndipo chimene ankachikonda kuposa choko chinali kaundula. M'mawa uliwonse ankaitana mayina, mwana n'kuyankha kuti "ndilipo", iwo n'kuchonga. Mwana wojomba katatu ankamulondola kwawo panjinga. Koma amayi athu, a Nachisale, sanapondemo m'kalasi. Anakulira ku Chipangali akukumba mtedza, ndipo kulemba dzina lawo anaphunzirira pakhonde, atate atawagwira dzanja. Amayi atamwalira, atate anatsegula kasukulu kophunzitsa azimayi kuwerenga ndi kulemba kuseri kwa tchalitchi chathu ku Nabvutika, nakatcha Nachisale.

Ine panthawiyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndinali kalaliki pa ofesi ina ya alimi a mtedza m'tauni ya Chipata. Ofesiyo inali ndi kompyuta imodzi yolumikizidwa ku foni, yovala nsalu yamaluwa imene anasoka akazi a bwana. Woivula nsaluyo m'mawa ndinali ine, ndipo zimenezo zokha zinandisandutsa katswiri. (Kunena zoona ndinkadziwa kuiyatsa, kulemba kalata, ndi kuizimitsa ikayamba kulira modabwitsa.)

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, ndinayamba kudzionetsera kwa atate. Ndinawauza kuti ku Lusaka kuli ofesi yosunga mayina onse a dziko la Zambia a pa intaneti, mayina othera ndi zilembo ziwiri, zm. Dzina limodzi mwini mmodzi, ndipo woyamba kupempha ndiye amapatsidwa. Likalembedwa kumeneko, munthu ali kutsidya kwa nyanja akhoza kulemba kalata n'kukupeza tsiku lomwelo. Ndinkangolankhula kuti aone kuti sukulu ija sinapite pachabe. Iwo anafunsa ngati ameneyo ndi kaundula wa dziko lonse. Ndinavomera.

"Amako sanaitanidwepo pa kaundula," anatero. "Ndaitana ana a eni ake zaka zonsezi, koma dzina lawo ayi. Ukawalembetse."

Maso a atate anali atayamba kuchita ng'ala, miyendo ikutupa, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti nkhani zawo sizinali zoti tiziti tidzaona chaka chamawa. Ndinalonjeza pomwepo, modzimenya pachifuwa.

Fomu anabweretsa ndi bwana wanga pochokera ku Lusaka. Inkafuna kalata yokhala ndi chidindo yosonyeza kuti sukuluyo ilipodi, dzina la munthu woiyang'anira, kumene ili, foni, ndi adiresi ya imelo imene a ofesiyo angalembereko potsimikiza pempho. Woyang'anira ndinalemba atate. Kumene ili ndinalemba kuti Nabvutika, kuseri kwa tchalitchi, moyang'anana ndi chigayo. Foni sukulu inalibe, ndinangodula mzere. Nditafika pa adiresi ya imelo ndinaima. Ya ofesi yathu inalipo, yogwira ntchito bwinobwino, ndipo bwana anali atandilola kuigwiritsa ntchito. Koma ndinaona kuti si ulemu kuti pa fomu ya amayi pakhale dzina la mtedza. Ndiye ndinalemba adiresi yatsopano, ya dzina lomwelo limene tinkapemphalo, mwaluso, chilembo chilichonse chili chilili. Atate anasayina atayandikitsa pepala kumphuno, ndipo ndinatumiza pa basi.

M'munsi mwa fomuyo munali timawu ting'onoting'ono. (Timeneto ndinatiwerenga patapita miyezi iwiri, ndili ku Lusaka, thukuta lili kamukamu.)

Sabata itatha atate anafunsa. Ndinati zikuyenda. Sabata yachiwiri anafunsanso, atakhala pampando wawo wa ndalema, nkhope atailozetsa kumene kunkachokera mawu anga. Ndinalephera kunena kuti sindinamve kanthu. Ndinati zatheka. Mumtima ndinkati kukhala chete kwa a ku Lusaka ndiye kuvomera, pajatu akanakana akanalemba.

Mawu amodzi amenewo anathamanga kundiposa. Atate anaitana wolemba zikwangwani wa kumsika, ndipo pakhomo la kasukulu panaima chikwangwani chobiriwira, dzina la amayi, timadontho, ndi zm kumapeto. Abusa analengeza m'tchalitchi, ndipo anthu anatembenuka kundiyang'ana, ine n'kuweramitsa mutu modzichepetsa ngati munthu wozolowera kuchita zazikulu. Kenako atate anakonza zoti pa tsiku lokumbukira imfa ya amayi, azimayi onse a pasukulupo abwere ku ofesi kwathu adzamve kalata yoyamba yofikira pa dzina latsopanolo. Wolemba kalatayo akhale Esnati, amene ankagwira ntchito ya unamwino ku Botswana.

Kutatsala masiku atatu Esnati anaimba foni ku ofesi. Anati kalata akaitumiza ikubwerera, makina akuti dzina limenelo kulibe. Ndinamuuza kuti alembe bwino, anamwino zolemba zawo timazidziwa. Mawa lake anaimbanso. Ndinati vuto ndi makina a ku Botswana. Tsiku lachitatu ndinanamizira mvula kuti yanyowetsa mawaya, chonsecho unali mwezi wa Ogasiti, fumbi lokhalokha.

Apa ndiye pofika pamene Esnati amakonda. M'mawa wa tsiku lokumbukira amayi lija, bokosi la makalata la pa kompyuta lili mbee, ndinakhala pansi n'kulemba ndekha kalata ya Esnati.

Azimayi anabwera atavala zitenje zofanana, akuimba kuyambira pa geti. Atate anavala jekete lawo la pa ukwati. Ofesi inadzaza mpaka ena anaima pa matumba a mtedza. Ndinavula kompyuta nsalu yake pang'onopang'ono, ndinadinadina mabatani osafunika, kenako ndinawerenga mokweza. Kalatayo inali yokoma, ndisakunamizeni. Inali ndi moni wa ndime yathunthu, mawu oyamikira maphunziro a amayi, ndi vesi kumapeto. Azimayi analulutira. Mayi wina wachikulire anapempha kugwira kompyutayo, naisisita pamwamba ngati mutu wa mwana. Atate anangogwedeza mutu.

Pobwerera kunyumba ndinawagwira mkono chifukwa cha maenje a mumsewu. Titafika pa chigayo anati kalata ija inalembedwa bwino, ndime zake zogawidwa bwino, koma Esnati chibadwire sanalembepo moni wopitirira mzere umodzi, ndipo vesi amene analitchulalo ndi limene ine ndinkamalizira nalo chimangirizo chilichonse ndili Sitandade 6. Anandiphunzitsa ndi iwo, ankadziwa kalembedwe kanga ngati kayendedwe kanga.

"Sindikukufunsa za kalata," anatero motsitsa mawu. "Dzina la amako lalembedwa, kapena ayi?"

"Sindikudziwa, atate."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangondigwira mkono molimba kuposa poyamba, ndipo tinapitiriza ulendo. Chikwangwani chija tinachidutsa chikuwala ndi penti watsopano, ine ndikulakalaka nthaka itang'ambika.

M'mamawa ndinakwera basi ya ku Lusaka. Ulendo wonse, kutsika ku Luangwa, kukwera mapiri, ndinkakonza mawu okalipira anthu a ku likulu amene amaiwala ife a kum'mawa. M'maganizo mwanga ofesi yosunga mayina a dziko inali nyumba yosanjikizana, mbendera panja, msilikali pakhomo. Mawa lake nditafunsafunsa ndinapeza kachipinda kocheperako ndi ofesi yathu, makina akulira, mawaya atayanga pansi ngati maungu. Munali mayi wina wa magalasi, Mayi Zulu, amene atamva kalankhulidwe kanga anasiya Chingerezi n'kundifunsa za kumudzi, poti nawonso kwawo kunali kwathu konkuno. Mawu anga okalipa anathera pamenepo.

Fomu yanga anaipeza mu faelo mosavuta. Pamwamba pake panali polembedwa ndi bolopeni yofiira katatu konse kuti sanayankhe. Anandiuza kuti analemba katatu kupempha kuti titsimikize, ndipo pomwe sitinayankhe pempho linagwa, monga ankanenera timawu tija. Ndinati ife sitinalandire kalikonse. Anafunsa kuti tinkayang'ana kuti. Kenako anaika chala pa adiresi imene ndinalemba mwaluso ija, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, mwatiuza kuti kiyi wa nyumba tikamusiye m'kati mwa nyumba yomweyo. Nyumbayo sitinamange n'komwe."

Anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa anawaulula. Kudzera pa positi sakanalemba, poti chigayo chilibe bokosi la makalata, ndipo pa foni ndinali nditadula mzere. Ndinali nditatseka njira zonse ndi dzanja langa. Kenako ananena chinthu china choopsa: pempho likagwa dzina limakhala la aliyense, wina akabwera n'kulipempha amapatsidwa, ndipo a Nachisale m'dziko muno si amayi anga okha. Anatembenukira ku kompyuta kuti aone. Sindikudziwa kuti anatenga nthawi yaitali bwanji, koma ndinapemphera pemphero lathunthu maso ali tong'o. Dzina linali lisanatengedwe.

Ndinati ndiye lembani pompano, ndabwera ndekha. Anakana mwaulemu. Pa fomu woyang'anira sanali ine, ndipo lamulo lawo linali loti salemba dzina popanda mawu a mwini wake, chifukwa anthu ena amabwera kudzalembetsa mayina a anzawo kuti adzawavutitse nawo. Kaundula wa dziko, anatero, sayendera nkhope. Ndinakhumudwa, komabe mumtima ndinadziwa kuti atate akanamva zimenezo akanawakonda mayi amenewa. Poti kalata ya chidindo inalimo kale mu faelo, anavomera kuti mawu a pa foni akwanira.

Ndinaimbira bwana wanga ku Chipata, n'kuulula zonse (anaseka mpaka kutsokomola), ndipo anapita okha ndi galimoto ya ofesi kukatenga atate. Patapita ola tinaimbanso. Bwana anandinong'oneza kuti akuluwo akana kukwera galimoto asanavale jekete.

Mayi Zulu anapereka moni mwaulemu, nafunsa atate ngati ndi iwo oyang'anira sukuluyo ndiponso ngati pempholi ndi lawo. Anavomera zonse. Foni Mayi Zulu anaigwira motalikitsa pang'ono ndi khutu kuti nanenso ndizimva. Kenako anati awerenga dzinalo kuti atate atsimikize kuti lalembedwa bwino. Anatchula chilembo chimodzichimodzi, ndipo pomaliza analitchula lonse, momveka, ngati mmene amachitira munthu wogwira mndandanda.

"Nachisale."

Pa foni panangomveka phokoso la mawaya. Ndinaganiza kuti yaduka. Kenako ndinamva mawu a atate, mawu a m'kalasi aja.

"Alipo."

Mayi Zulu anandiyang'ana modabwa. Ndinayesa kufotokoza za khonde, za kaundula, za amayi, koma mawu ankatuluka oduka, ndipo ndinalira pamaso pa munthu wachilendo, mwamuna wamkulu wa tayi. Iwo anavula magalasi, napukuta m'maso, n'kulemba dzinalo m'makina. Pa adiresi yotsimikizira analemba okha ya mtedza ija, osandifunsa.

Kalata yeniyeni ya Esnati inafika sabata yomweyo. Inali ya mizere itatu: moni, kuzizira kwa ku Botswana, ndi funso loti kodi katswiri uja ali bwanji. Atate anandiuza kuti ndiiwerenge kawiri. Nditamaliza anatulutsa kaundula wa kasukulu kawo n'kundipatsa kuti ndione tsamba lomaliza. Anali atalemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhotakhota, poti maso anali atatsala pang'ono. Mzere woyamba, Nachisale, atachonga. Mzere wachiwiri dzina langa, ndipo pambali pake: wajomba katatu.

Atate anatisiya dzinja lotsatira.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kuwerenga timawu ta m'munsi mwa fomu. Funsani akazi anga, akuuzani za chiphaso chimene ndinatsekera m'kabati pamodzi ndi kiyi wake chaka chathachi. Koma kaundula uja ndili naye. Ndikamutsegula ndimayamba ndi mzere wa amayi, wanga ndimauphimba ndi chala.