Amuna Anga Ali m'Thumba Mwanu, a Shefe

Zóbuè, sabata la Pasaka, 2013

Kwa a Shefe Wamkulu,
Brigada Yoteteza Nyimbo ndi Eni Ake,
Moatize.

Olemekezeka a Shefe,

Ndagwada kale musanatsegule kalatayi, ndipo ndikhala chogwada mpaka muimalize, choncho muwerenge mofulumirako chifukwa maondo anga ndi akalekale. Ine ndine Leopoldina, mkazi wa malemu a Zacarias. Ndimagulitsa kabichi pamsika wa Zóbuè, pafupi ndi pamene malole amaima podikira kuoloka malire. Mundikumbukira ndithu. Ndine mayi uja anabwera ku ofesi kwanu Lachiwiri lapitali ndi kabichi wamkulu, amene munati lamulo silikulolani kulandira, koma oyendetsa galimoto yanu anakulandirirani.

Mundikhululukire polemba m'Chinyanja. Sukulu ndinaphunzirira ku Malawi titathawa nkhondo, ndipo Chipwitikizi changa chimathera pa kutchula mtengo wa kabichi. Koma sindikuda nkhawa, chifukwa ndili ndi umboni wakuti Chinyanja mumachikonda kwambiri.

Anthu a kuno ndi osayamika. Chichokereni inu pamsika pano akungong'ung'udza m'makona. Ine ndati ayi, munthu akagwira ntchito yotamandika auzidwe akadali moyo. Koma ndisanayambe kuthokoza, mundilole ndikudziwitseni munthu amene mukumuteteza, popeza simunakumane naye.

A Zacarias anali woyimba banjo, ya chitini cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Titabwerera kwathu nkhondo itatha, ankayimba m'maukwati, malipiro ake kapu ya kachasu ndi mawu akuti Mulungu akudalitseni. Kenako anapeza ntchito yaulonda ku migodi ya malasha cha ku Chipanga, kumene anabwerako ndi nsapato zabwino ndi chifuwa. Nsapatozo ndikadali nazo. Asanatisiye, mng'ono wawo, alamu anga a Baptista, amene ali ndi baraka, kashopu koikira anthu nyimbo m'mafoni, anawajambula mawu kamodzi kokha, m'dimba mwathu, akuyimba nyimbo imene anandipekera ine. Kuno kabichi timamutchanso lepolyo, ndiye iwo ankati dzina langa ndi la ndiwoyo ndi pachibale. Nyimboyo imati: "Lepo, Lepo, lepolyo wanga, ndikasenda tsamba ndipeza lina." Pakati pake amatsokomola. Kenako pamamveka mawu a mayi wina akukalipa kuti, "Choka iwe mbuzi ya a Cecília, wakuba ngati mbuyako!" Mayiyo ndine, ndipo a Cecília ndi anansi anga, timakhala benchi limodzi kutchalitchi. Pamenepo a Zacarias amaseka. Padziko lonse lapansi palibenso pena pamene pali kuseka kwawoko.

Tsopano zothokoza zanga.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha ulendo wanu. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo inu munafikadi mwakachetechete tsiku la msika, anyamata anu atavala malaya owala ngati okonza msewu. Munanyamula komputadori ya a Baptista pamodzi ndi timakaritau tonse tosungira nyimbo timene tinali patebulo. Kena mwa ito kanali kanga. Foni yanga inali itagwera m'chitsime, ndiye ndinakasiya kumeneko kuti alamuwo akandiikire m'foni ina. Nyimbo ya amuna anga inali m'malo awiri okha, m'kakaritau kangako ndi m'komputadorimo, ndipo inu mwaluso lanu munatenga zonse m'thumba limodzi. Mungadabwe kuti bwanji sinkapezeka kwina, pamene nyimbo za kuno zimayenda m'mafoni ngati chimfine. Chifukwa chake ndine. Ndinawaletsa a Baptista kupatsa munthu aliyense, kuopa kuti a Cecília angamve zimene ndinanena za iwo ndi mbuzi yawo. Ndiye kuti m'Zóbuè yense, munthu amene anasunga lamulo lanu lisanafike n'komwe ndine ndekha. Ndikanakhala wophwanya lamulo ngati anzanga, bwenzi lero a Zacarias akuyimba m'foni iliyonse kuyambira pano mpaka ku Nkondezi, ndipo bwenzi ndikungopempha kwa aliyense. Zikomo pondiphunzitsa mphotho ya kumvera.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha dzina limene munawapatsa alamu anga. Munawaloza ndi chala pamaso pa msika wonse n'kunena mokweza kuti iwowa ndi pirata. Ife kuno, a Shefe, mawu amenewo sitinawamvepo. Amene timamudziwa ndi Pilato. Pofika madzulo nkhani inali itafika kumapiri kuti boma lapeza munthu amene anapereka Ambuye kuti apachikidwe, ndipo nthawi yonseyi amakhala pafupi ndi ogulitsa matumba. Aphunzitsi ena anayesa kutilongosolera kuti pirata ndi wakuba wa panyanja yaikulu, woyenda pachombo. Izi zinangowonjezera chisokonezo, chifukwa a Baptista amaopa ngakhale khwawa la kuseri kwa msika, mvula ikagwa amazungulira kumlatho. Dzina la Pilato ndi limene lakhala. Abambo a kuparishi, posafuna kuti mphatso ya boma ipite pachabe, anawapatsa gawo lomwelo m'sewero la Lachisanu Loyera. Anasamba m'manja mwaluso kwambiri mpaka amayi ena analira. Nthawi yokonzekera anali nayo yambiri, popeza ntchito munawalanda.

Chachitatu, ndikuthokoza chifukwa cha phunziro lija munapereka mutaima pa benchi langa. Munati kutumizirana nyimbo pa bulutufu n'chimodzimodzi kuba kabichi. Ine nkhani ya kabichi ndimaimva msanga, ndiye ndinapita kukayesa. Ndinapempha mayi wina wa kwaya kuti atumize nyimbo ya Aleluya kwa a Cecília. Inapita, koma titayang'ana m'foni ya wotumizayo tinaipeza ili momwemo, yathunthu. Kenako ndinatenga kabichi wanga n'kuwapatsa a Cecília omwewo, n'kukhala pansi kudikira kuti wina atsale m'manja mwanga. Ndinadikira mpaka iwo anaphika. Ngati ku Moatize muli ndi mtundu wa kabichi amene ukamupereka amatsalanso, chonde titumizireni mbewu yake, njala ithe m'dziko muno. Musandimve molakwa, a Shefe. Kuti woyimba azidya thukuta lake, ine ndikuvomereza ndi manja awiri, chifukwa ndinakwatiwa ndi woyimba ndipo ndikudziwa kuti Mulungu akudalitseni sathira mchere m'ndiwo. Ndikungofunsa mwaumbuli wanga kuti pa zonse munanyamula tsiku lija, ndi woyimba uti amene wadyapo.

Chachinayi si chothokoza kwenikweni, ndi mantha. Ndikakwera shapa, minibasi yathu ija, woyendetsa amatsegula nyimbo mokweza, ndipo ina imandilowa m'mutu osapempha. Ndimatsika nayo, ndimafika nayo kunyumba, nthawi zina ndimaiyimba posamba. Kodi pamenepa mutu wanga sunasanduke kakaritau? Ngati ndi choncho, mundiuziretu tsiku limene anyamata anu adzabwere kudzautenga, kuti ndidzaluke tsitsi. Koma ndikuchenjezeni kuti ndi wosadalirika, wayamba kufufuta zinthu wokha. Mawu a nyimbo ya a Zacarias ndikuwadziwa onse, koma liwu lawo lenilenilo, mmene linkanjenjemera pofika pa "Lepo", layamba kundithawa. Ndikati ndilikumbukire, ndimamva liwu la a Baptista. Izi zimandiopsa kuposa brigada yanu.

Chachisanu, ndipo chachikulu, ndikuthokoza chifukwa cha ulemu umene ndinalandira ku ofesi kwanu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinasiya kabichi padzuwa n'kukwera shapa kubwera ku Moatize. Ulendo woyamba ndinakumana ndi alembi anu. Anandiuza mokoma mtima kuti kakaritau kangabwezedwe pokhapokha mwini nyimbo, amene iwo amamutcha autori, atasayina pepala lovomereza kuti ine ndizimvera. Ndinati autori wagona kuseri kwa tchalitchi. Iwo anati zimenezo si vuto, chifukwa lamulo limateteza autori zaka zambirimbiri ngakhale atamwalira. Ndinagwetsa misozi yachisangalalo. Munthu uja ali moyo palibe anamuteteza ku fumbi la malasha, ngakhale ndi kansalu kapamphuno, koma lero boma likumuteteza kwa mkazi wake. Pepala lija ndinapita nalo kumanda, ndinalitsamiritsa pamtanda pamodzi ndi cholembera. Mpaka lero sanasayine. Musawaone ngati amwano, iwo ankazolowera kudinda ndi chala.

Ulendo wachiwiri ndi uja ndinaonana ndi inu mwini. Munandipatsa mpando, munandiyang'ana mwachifundo, n'kundiuza kuti katundu yense wolandidwa anapondedwa ndi chigalimoto chosalaza msewu pamaso pa akuluakulu, ndipo zotsala zake zinatenthedwa. Munati palibe kanthu kamene kanapulumuka. Pamenepo, a Shefe, ndisaname, mtima wanga unasweka. Ndinaona ngati maliro aja ayambiranso, koma opanda ondipepesa. Ndinayamba kumanga kapulana yanga m'chiuno kuti ndizipita.

Ndiye foni yanu inalira.

Inalirira m'thumba la kumbuyo kwa buluku lanu. Poyamba banjo. Kenako liwu lija ndakhala ndikulisaka m'mutu mwanga: "Lepo, Lepo, lepolyo wanga." Thumbalo linali lothina, popeza ntchito yoteteza nyimbo yakukomerani thupi, ndiye munalimbana nalo kanthawi. Amuna anga anatsokomola ali pansi panu. Kenako ine ndinakalipira mbuzi ya a Cecília mu ofesi ya boma, pansi pa mbendera, pakamwa panga pali potseka. Alembi anu anayang'ana kudenga. Inu munaitulutsa foniyo n'kuyankha msangamsanga, ndipo munadula pamalo penipeni pamene a Zacarias amayamba kuseka.

Mutamaliza kulankhula munandiuza, osandiyang'ana, kuti, "Imeneyi, mayi, ndi nyimbo ya makolo, ilibe mwini." Apa ndiye mwandikweza kwambiri. Sindinkadziwa kuti ndinalowa kale m'gulu la makolo, ine ndi mbuzi yomwe. Sindikufunsa kuti nyimbo yopondedwa ndi chigalimoto n'kutenthedwa inalowa bwanji m'foni mwanu. Lino ndi sabata la Pasaka, ndipo ife Akhristu nkhani ya kuuka kwa akufa sitiitsutsa. Komanso a Cecília zonse azimva tsopano, chifukwa ndinawafotokozera ndekha pobwerera. Anakwiya tsiku limodzi, kenako anafunsa ngati mbuzi yawo, imene imamveka ikulira chapatali m'nyimbomo, nayonso ndi autori. Ndawalonjeza kuti ndikufunsirani.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi laling'ono.

Sindikupempha kuti munditumizire nyimboyo pa bulutufu. Ndikudziwa kuti kutero ndi mlandu, ndipo sindingafune kuti munthu waulemu ngati inu musanduke Pilato. Gawolo lili ndi mwini wake kale, ndipo beseni la kuparishi ndi limodzi. Sindikupemphanso kakaritau kanga, popeza munanena nokha kuti kanapsa, ndipo mkulu sanama.

Nambala ya foni yanu ndili nayo. Anandipatsa oyendetsa galimoto yanu, amene anati kabichi uja anali wokoma. Lachiwiri lililonse ndizitseka benchi langa, ndizikwera shapa, ndizidzakhala pakhonde la ofesi yanu pansi pa zenera lija losatsekeka bwino. Sindidzalowa, sindidzasokoneza ntchito ya boma. Ndizidzangokuimbirani foni. Mukaona dzina langa, a Shefe, chonde musayankhe. Musadulenso. Muziisiya ilire, a Zacarias adutse pa chifuwa paja, adutse pa mbuzi, mpaka afike pamene akuseka. Akatha kuseka amatchula dzina langa lonse, Leopoldina, pang'onopang'ono, mmene ankanditchulira akafuna kuti ndisiye kukalipa. Pamenepo ndizidzadula ndekha n'kubwerera kwathu.

Ndipo ngati sikukuvutitsani, amuna angawo muziwasunga m'thumba la malaya, la pamtima, osati la kumbuyo lija. Anali munthu wosauka, koma moyo wawo wonse palibe anawakhalirapo.

Ine wanu wogwadabe,

Leopoldina,
mkazi wa autori,
pamsika wa Zóbuè.