Pikapu ili pa zipika, mwana ali m'njira

Lolemba

Anamwino a pakiliniki sanabise mawu: mwana wakhala chopingasa m'mimba, Esinati akachilire kuchipatala chachikulu, osati kuno ku Kakumbi. Akuti kwatsala masabata awiri, ndipo ndi bwino apite msanga akadikirire komweko, kunyumba ya amayi oyembekezera.

Ndakana. Mkazi wanga akagone pa simenti masabata awiri, ine ndili ndi galimoto? Pa aphunzitsi onse a pasukulu pano wa pikapu ndine ndekha. Ndi yakale, inde, koma ndi yanga.

Kavuto ndi kamodzi. Kumatayala akumbuyo kukudontha oyilo, wanyowetsa ndi mabuleki omwe, ndipo tayala lakumanzere likugwedera. Ndaonera kanema wa kakonzedwe kake pa foni katatu, modumphadumpha. Atha ndi masilu, timphira tozungulira totsekera oyilo, komanso maberingi, tizitsulo tothandiza tayala kuzungulira, akufuna kumanga. Munthu wa m'kanemayo wamaliza zonse m'mphindi khumi ndi ziwiri, malaya ake ali mbee!

Dongosolo:
mawa kumasula;
Lachitatu kuika masilu atsopano;
Lachinayi kumanga maberingi ndi kuyesa galimoto;
Lachisanu kupuma ngati bwana.

A Sakala, aneba athu amene amayendetsa alendo oona nyama ku loji, asuzumira pampanda. “Aphunzitsi, zikavuta mundiimbire chabe.” Ndathokoza mwaulemu. Sizivuta.

Apongozi, amene abwera kuchokera kumudzi kudzathandiza, salankhula nane maso ndi maso, mwambo suwalola. Mawu awo onse amadzera kwa Esinati, ngakhale ine nditaima pomwepo. Lero amva zonse, ndiye akuti: “Uwafunse, mwanayo amuuza kuti adikire Lachisanu?”

Lachiwiri

Jeke ikumira mumchenga. Ndikapopa, galimoto ili pomwepo, jeke ndiye ikupita pansi. Ndakumba, ndaika thabwa la desiki lothyoka, kenako zipika ziwiri za mupani. Yakwera!

Manati asanu amasuka bwinobwino. Yachisanu ndi chimodzi yakana mpaka ndakwera pa sipanala ndi miyendo yonse. Yamasuka mwadzidzidzi, ine chagada, nkhuku mbwee.

Nditasolola ekiselo, chitsulo chozunguza tayala, oyilo wa m'difu, chibokosi cha magiya cha pakati pa matayala akumbuyo, wakhuthukira pa nsapato zanga zopita nazo ku tchalitchi. Sindikudziwa chimene ndinazivalira. Fungo lake ngati mazira owola, moti Esinati wasanza kawiri ndipo akuti ndidyere panja.

Koma ntchito yayenda. Masilu akale ndawaona ndi maso anga, auma ngati chikopa cha mbuzi. Atsopano ndaitanitsa ku Chipata, abwera ndi minibasi ya mawa.

Mu kanema muja munalibe mchenga.

Lachitatu

Masilu afika! Awiri, akuda bii, onyezimira. Pobwerera kokwerera basi ndagula mabanzi anayi, zonse m'pepala limodzi la pulasitiki. Ndaika pa boneti, ndalowa m'nyumba kukamwa madzi. Kapu imodzi yokha.

Potuluka, pepala palibe. Nyani wamphongo, wamkulu ngati tebulo langa, akupita nalo kumtsinje, osathamanga n'komwe.

Zaka ziwiri ndili m'chigwa muno, aliyense anandiuza: chilichonse cha m'pulasitiki kwa nyani ndi chakudya. Kwathu kumtunda umasiya thumba pakhonde tsiku lonse, ukalipeza pomwepo. Ndamuthamangitsa ndi sipanala m'manja, ndikukuwa m'Chingerezi, kaya chifukwa chiyani. Iye wakhala pa nthambi, wadya mabanzi limodzilimodzi akundiyang'ana, kenako wayamba kulawa masilu.

Zimene ndatola pansi pa mtengo:
silu imodzi yabwinobwino, ya malovu;
silu ina yoboola pawiri;
theka la pepala;
minga m'phazi.

Apongozi kwa Esinati, mokweza kuti ndimve: “Ngakhale mwana woyamba sukulu sasiya pepala panja kuno.” Iwo abwera sabata yatha yomweyi, akudziwa kale!

Esinati waseka mpaka kugwira mimba. Ndamupempha kuti asaseke kwambiri, galimoto ilibe matayala.

Lachinayi

Silu ina yafika ndi minibasi. Ndainyamula m'thumba la malaya, batani lotseka. Ndi yaing'ono. Mwina ndi ya wilibala. Wogulitsa pa foni akuti, “Ndiye size imene munakamba.” Sindinanene saizi iliyonse, ndinangoti ngati ya dzulo ija.

Basi. Kumanja ndaika yabwino ija, ndakhomerera pang'onopang'ono ndi kathabwa, yalowa bwino mpaka ndadziombera m'manja. Kumanzere ndabwezera yakale, ndaipaka girizi wambiri ndi pemphero.

Tsopano maberingi. Foni yatha moto kanema ali pakati, pamene munthu uja amayamba kumanga nati. Koma nzeru ndili nazo: tayala limagwedera chifukwa nati inali yolefuka, ndiye mankhwala ake ndi kumanga. Ndamanga. Ndaonjezera paipi ku sipanala, ndamanganso mpaka m'mapewa kulira. Tsopano siligwedera ngakhale pang'ono. Kuzungulira likuchita monyinyirika, koma lizolowera.

Patsala kawashala kamodzi m'mbale, kachitsulo kobooka pakati. Sindikudziwa kwawo.

Esinati akuti msana ukumuwawa. Akuti si kanthu. Chikwama chake chili pakhomo kuyambira Lolemba, apongozi ndi amene anachiika pamenepo, ndipo ndikadutsa ndimayang'ana kumbali.

Lachisanu

Yalira! Yayenda! Ndadutsa pamsika pang'onopang'ono, chigongono pawindo, kuti onse aone.

Nditangopitirira chigayo, fungo. Kenako utsi kumbuyo. Amayi ogulitsa tomato akukuwa, “Motoka yapsa! Aphunzitsi, motoka yapsa!” Ndatsika, ndagwira pakati pa tayala, chala chapsa pomwepo. Mayi wina wathira madzi a m'ndowa yake, tayala lachita phokoso ngati nsomba m'mafuta.

Yabwera kunyumba chokokedwa ndi thirakitala yonyamula thonje, ine ndili pa chiwongolero ngati maliro anga omwe. Yabwerera pa zipika zake zija. Beringi yakumanzere yapsa mpaka kusanduka yabuluu, tizitsulo take tili m'manja mwanga ngati mtedza wokazinga.

A Sakala ayang'ana, apukusa mutu. “Beringi simumanga monga mbuzi, aphunzitsi. Mumanga, ndiye mubwezako pang'ono kuti ipume.” Kanema uja ndamuonera mpaka kumapeto tsopano. Akunena zomwezo, patangopita mphindi imodzi kuchokera pamene foni inazima.

Apongozi sananene kanthu, ngakhale kudzera kwa Esinati. Bola akanandinyoza. Ndili ndi mantha, ndilembe poyera. Ndamuuza Esinati kuti Lolemba akwere basi akadikirire kuchipatala, monga ananenera anamwino. Wangoti, “Chabwino.”

Loweruka

Ndikulemba ndili pa benchi ya chipatala.

M'mawa dzuwa litangotuluka, ndili pansi pa galimoto kufuna kwawo kwa kawashala kaja, ndaona mapazi a apongozi aima pafupi ndi mutu wanga. Ndadikira kuti aitane Esinati. Sanamuitane. “Bambo, tulukani. Imbani foni. Nthawi yakwana.” Chikwatirire, aka ndi koyamba kundilankhula ine mwini. Ndadzigunda mutu ku difu potuluka.

Ambulansi akuti yapita ndi wodwala wina ku Msoro. Ndaimbira a Sakala, manyazi onse ndameza. “Ndili kubwera, five minutes. Abwana avomera, alendo anga afika 14 hours.”

Abwera ndi chigalimoto choonera nyama chija, chopanda zitseko, cha mipando yokwera ngati masitepe. Esinati tamugoneka pa mpando woyamba, mutu pa miyendo yanga. Apongozi akwera wapamwamba penipeni ndi ndowa, beseni ndi fulasiki. Ana a m'njira akuimika manja kuyesa azungu, apongozi nawo akubweza moni!

Tisanafike pa msewu wa tara, njovu. Zisanu, ndi kamwana, zaima pakati pa msewu. A Sakala azimitsa injini. Ine ndikuti imbani huta, iwo akuti, “Mukaimba, tigona pano. Zisiyeni zidutse.” Esinati akundifinya chala chopsa chija, sindikudandaula. Ndapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ndi la chakudya lomwe. Kamwana kawoloka, amake atsatira, msewu watseguka.

Kuchipatala sanachedwe naye, molunjika ku opaleshoni. Adokotala akuti tikanachedwa ola lina bwenzi tikukamba zina. Mawu amenewo andikhala pachifuwa ngati mwala.

Masana: MTSIKANA! Wamoyo, wolira mokweza. Esinati ali bwino, wadzuka, wapempha madzi. Ndalira pakhonde pamaso pa anthu, mphunzitsi wathunthu, oyilo ali m'makutu.

Lamulungu

Anamwino andisambitsa m'manja katatu asanandipatse mwana. M'zikhadabo mukadali mwakuda. Ndamunyamula ngati dzira, thukuta kamukamu. Apongozi abwerera ku mwambo wawo, akuuza Esinati: “Uwauze asafinye. Abwezeko pang'ono.” Ndiye kuti Lachisanu lija ankamva zonse.

Masana ndabwera kunyumba pa minibasi kudzatenga zovala. Pikapu ili pomwe ndinaisiya, pa zipika, matayala atatsamira khoma. Nkhuku yaikira dzira pa mpando wa dalaivala. Sindinaichotse, pagalimoto yonseyi ndi yokhayo imene yagwira ntchito sabata ino.

Makiyi ndapereka kwa a Sakala kuti mawa akapatse makanika wa pamsika, pamodzi ndi kawashala kaja mu envelopu. Akafunsa amene anamanga beringi, ndawapempha anene kuti sakumudziwa. Akuti msika wonse unaona utsi.

Ndisanachoke kuchipatala ndinamupepesa Esinati. Ndinati ndinalakwa, ulendo wina adzapita kukadikirira mwezi wathunthu, ndidzamuperekeza ndekha pa basi. Anandiyang'ana, mwana ali pa bere.

“Ulendo wina wa chiyani?”

Ndinangonyamuka kukakwera minibasi. Akatuluka Lachitatu tidzabwera pa minibasi, mpando wakutsogolo ndasungitsa kale.