Mmene a Kachingwe Anapusitsira Imfa ku Kyoto

"Amene akuti ndikunama atuluke, chitseko ndi icho, akaime panja ndi kukayika kwakeko. Ine mzinda wa Kyoto ndimaudziwa ngati mano anga otsala m'kamwamu, ndipo zimene ndinachita kumeneko anthu ake akusimbabe."

Anatero a Kachingwe masana ena a Loweruka, ali chigonere pabedi la chipatala limene linaikidwa pabalaza m'nyumba yawo ya m'mwamba ku Etobicoke, kuno kutsidya kwa nyanja kumene tinasamukira. Madokotala anali atawabweza kunyumba, khansa itafika m'mafupa. Ine ndinkapita kukawaona m'malo mwa amayi a kutchalitchi kwathu, ndipo ankandiitana ndi dzina la mfunda, Nabanda.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyamike, wobadwira kuno, anali ndi ulendo wa ku Japan umene anaukonza kalekale ndi mwamuna wake, ndipo ndege inali ya sabata yotsatira. Bambo akewo anamuletsa kuukansela. Ankati, "Pita, ine si mbuzi yodwala kuti uzindilondera." Koma mwanayo akangolowa kukhitchini ankandinong'oneza kuti, "Nabanda, kodi anyamukadi?" Amaopa kufa iye kulibe, koma pakamwa pawo sipakanatuluka mawu opempha.

Tsikulo Tiyamike anangodutsa, nsapato osavula n'komwe. Anakhala m'mphepete mwa bedi ndi foni yake, n'kufunsa mongofuna kuwasangalatsa: "Dad, Gion or near the station? Tikagone kuti?" Zotsatirazi ndi zimene anayankha. Ndazilemba monga ndinazimvera, ndipo Ambuye andikhululukire ngati pena ndasiya mawu.

"Pafupi ndi siteshoni usayerekeze. Ine ndinayesa, nthawi imene boma linanditumiza kukaphunzira za mpunga ndili mlangizi wa zaulimi, iwe usanabadwe, mayi ako asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli chipale chofewa. Sitima za kumeneko n'zaliwiro loti ndinakwera ku Tokyo ndikuyetsemula, ndinafika ku Kyoto kuyetsemulako kusanathe, ndipo chithunzithunzi changa chinatsalira m'mbuyo, chinabwera mawa lake pa basi chili wefuwefu, chikunditukwana. Mukumva? Ndiye pasiteshoni pomwepo anandipatsa chipinda, amati chipinda, koma linali bokosi, bokosi lenilenilo la maliro, lokhala ndi nyali ndi wailesi ya kanema m'kati, amakulowetsa chamutu n'kutseka kumapazi, ndipo pamwamba pako pagona munthu, pansi pako pagona munthu, uku ndi uku anthu, onse zii ngati kumochale, palibe ndi mmodzi yemwe wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Ndinati ine Kachingwe sindilowa m'bokosi ndikadapuma. Ndinangotambasula mwendo umodzi, khoma lonse linagwa, anthu a masuti anakhuthukira pansi ngati chimanga m'nkhokwe yothyoka, ndipo aliyense anadzuka n'kundipepesa ineyo.

"Ndinapita ku Arashiyama, kumene kuli nkhalango ya nsungwi. Kumeneko ukagona, Tiya, usapachike kanthu. Ine ndinapachika jekete pansungwi kuti ndimange chingwe cha nsapato, poweramuka jekete lili kumitambo, ndege zikulizemba, ndipo likadali komweko mpaka lero ndi cholembera changa cha golide m'thumba. Koma chimene chinandithamangitsa si chimenecho. Dzuwa likapendeka alendo onse amachoka, mumatsala iwe ndi mphepo, ndipo mphepo ya m'nsungwi zimenezo imalira ngati amayi amene angolandira uthenga. Ndinamanga katundu.

"Ku Gion ukufunsako nakonso ndinafika. Ndinakumana ndi akazi opaka nkhope zoyera mbee, oyenda osamveka mapazi, ndinavula chipewa n'kupatuka poganiza kuti ndi akumanda akupita kwawo. M'mbuyo mwawo munali alendo a makamera ochuluka ngati dzombe, atandiona ine anasiya akazi aja n'kuyamba kujambula ine, kujambula, kujambula, mpaka nkhope inayamba kuperepeseka ngati sopo, ndinathawa mphuno itatsala theka. Iyi mukuionayi inachita kumeranso. Nabanda, mukuseka? Bwerani muikhudze, muona kuti njofewa kusiyana ndi nkhope yonse.

"Ndiye ndinakwera phiri la kum'mawa, ku Higashiyama, kumene kuli tinjira topapatiza, nyumba zamatabwa zakalekale, akachisi, belu lolira kamodzi n'kumanjenjemera m'chifuwa mpaka mawa, ndi manda aakulu pamwamba pake. Kumeneko ndi kumene mtima unandigwa. Khomo loyamba, nsapato zili mbwee. Ndinasuzumira: anthu akhala pansi pamphasa, mipando mulibe, akulankhula monong'ona, lubani akufuka. Khomo lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Inu mukudziwa, Nabanda, kwathu nsapato zikaunjikana pakhomo, mipando atatulutsa, anthu ali pamphasa, sufunsa kuti kwagwanji. Ndinati kalanga ine, mliri wapululutsa mudzi wonse. Ndipo ine mayi anga sanandilere kuti ndizidutsa pamaliro ngati galu. Ndinavula nsapato n'kulowa, ndinagwira dzanja aliyense, pepani, pepani, ndinalira, ndinatuluka, ndinalowa ina, ndinalira, ina, ndinalira, misozi inatsika ndi tinjira tija n'kukadzaza mtsinje wa Kamo mpaka milatho inamira, ndipo nsomba za m'nyanja yamchere zinakwera kudzakhala m'tauni poti madzi anali atakoma mchere. Eni nyumba ankangowerama n'kundipatsa tiyi wobiriwira wopanda shuga. Ndinati inde, ndi maliro ndithu, shuga watha.

"Pomaliza ndinafika panyumba ya pamwamba penipeni, yogundana ndi mpanda wa manda. Pakhomo panali nsapato za munthu mmodzi, zamatabwa, zitachita fumbi, kangaude atamangamo. Ndinati apa ndiye pali mtendere, palibe wafa, ndigona pano. Ndinaodira. Zii. Ndinakankha chitseko chapepala chija.

"M'katimo munali nkhalamba, ili gone pamphasa, mafupa okhaokha, milomo itauma, kapu yamadzi ili patali poti dzanja silingafike. Pakhoma zithunzi za ana, onse ovala masuti, onse ku Tokyo kuntchito. Mukumva? Mudzi wonse ndinalira m'nyumba za anthu amoyo, kumene kunalibe vuto, ndipo nyumba imene munali imfa ndi imene inalibe nsapato za alendo. Ndinaimwetsa madzi. Chinenero chake sindinkachidziwa, changa sinkachidziwa, koma inandigwira pamkono apa, taonani, zala zake zikuonekabe, n'kuloza kukhomo.

"Ndinatchera khutu. Kumunsi kwa phiri kunkamveka go, go, go. Ndinasuzumira, ndipo ndinaiona ndi maso angawa. Imfa ya ku Japan si yachipongwe ngati ya kwathu yolowera pawindo. Njaulemu, yayitali kuposa mtengo wa magetsi, yovala nsapato zamatabwa, ambulera m'manja, imawerama pakhomo lililonse, ndipo pamene yadutsa tiyi amazizira m'makapu, mbalame zimagwa m'mitengo zili chiimbire. Inkakwera pang'onopang'ono ngati munthu wodziwa kuti amene akumufuna sathawa.

"Ndinati ayi, osati ine ndili mlendo m'nyumba muno. Ndinatulukira kuseri n'kutsika phiri, ndinatola nsapato pakhomo loyamba, lachiwiri, m'akachisi monse, m'masukulu, m'nyumba zosambira, m'malo odyera, za ana, za apolisi, za akazi oyera nkhope aja, za alendo a makamera, mzinda wonse ndinaukokolola mpweya ndisanapume kawiri, ndinazimanga mtolo ndi lamba wanga n'kusenza pamutu ngati nkhuni, ndinaidutsa Imfa panjira ndi kuipatsa moni, iyo n'kuwerama, ndinakazikhuthula pakhomo la nkhalamba ija, mulu unakwera kupitirira denga la kachisi, pamwamba pake panagwa chipale chofewa pamene pansi anthu akutuluka thukuta. Kenaka ndinalowa, ndinakhala pamphasa, ndinayamba nyimbo yamaliro ya kwathu, ndekha, koma mawu a amayi ndikutulutsira m'mphuno, a abambo m'mimba, olira mokweza kukhosi, mpaka aliyense wakunja akanalumbira kuti m'nyumbamo mwadzaza mpingo wonse.

"Go, go, go. Inafika. Inaima. Inayang'ana mulu wa nsapato, inamvetsera nyimbo, inakanda m'mutu. Ndinaimva ikudzifunsa kuti, 'Kodi pano ndinafika kale?' Ndipo kumeneko kugwira ntchito imodzi kawiri n'chamanyazi chachikulu. Inawerama mpaka chipumi kugunda pansi, inapepesa chitseko, inatsika phiri chothamanga, ambulera kuiwala pomwepo. Ndinabwera nayo ambulerayo, inatayika posamuka ku Oshawa, mayi ako akanakhala moyo akanakuuza.

"Ndiye mzinda wonse unadzuka wopanda nsapato. Anthu analondola fungo la mapazi awo mpaka paphiri, ndipo munthu sungatole nsapato yako pakhomo la mwini osalowa kukapereka moni. Analowa. Anaiona nkhalamba. Anakhala pansi. Wina anabweretsa msuzi, wina bulangete, wina anaimbira ana aja foni, anafika ndi sitima ija asanamalize kuyankha. Nkhalamba imeneyo ilipo mpaka lero, mano anameranso, imakwera njinga. N'chifukwa chake anthu a ku Japan amakhalitsa. Afunseni anayambitsa ndani.

"Kuno zimenezo sizingatheke. Atamwalira mayi ako, anthu anasiya nsapato m'khonde umu, woyang'anira nyumba anabwera kudzati chotsani, moto ukabuka anthu apunthwa. Tinazilowetsa m'kabati. Imfa inaona pakhomo pali mbee, inati pano ntchito ikadalipo, n'kulemba nambala ya chitseko.

"Ndiye iwe Tiya, ukafika usayang'ane za kuyandikira sitima kapena malo odyera. Uziyang'ana pakhomo. Pamene pali nsapato zambiri dutsa, ali bwino amenewo. Koma ukaona pakhomo pali nsapato za munthu mmodzi, zafumbi..."

Apa chifuwa chinawagwira. Anatsokomola nthawi yaitali, ndinawapukuta pakamwa, ndipo pansalupo panali magazi. Kenaka chifuwacho chinaleka. Maso awo anali kuchitseko, pamene panali majombo awo a m'chisanu, amene anali asanawavale chiyambire kuzizira, ndi nsapato zanga pambali.

Tiyamike anayang'ananso komweko. Anaika foni chafufumimba pabedi. Anawerama, anamasula nsapato zake, anatsegula chitseko n'kuziika panja m'khonde. Anabwerera kudzatenga zanga, nazonso anaziika panja.

"Anti," anatero m'Chichewa chake chovutikira, "muitane anthu. Onse. Please."

"Ukutani iwe?" anakalipa a Kachingwe. "Ndakuuza kuti upite! Nabanda, muuzeni mwanayu, ine Imfa imandiopa."

"Ndakansela, Dad."

"Wakansela liti? Foni ili apo!"

"Ndikansela."

Anamutukwana kuti ndi wamakani ngati mayi ake, koma dzanja lawo linali litagwira mkono wake, ndipo silinausiye.

Ndinaimba mafoni. Anabwera a ku Markham ataweruka m'maofesi, a ku Oshawa pa sitima, anzathu a ku Zambia amene timapemphera nawo, anamwino akuchokera kuntchito ndi yunifolomu zawo. Ankasinthana, wina akutuluka wina akulowa, ndipo m'khonde nsapato sizinathe. Woyang'anira nyumba anabweradi. Anasuzumira m'kati, anaona bedi lija, anatipempha kuti tizizikankhira kukhoma, ndipo sanabwerenso.

Sindinganene kuti Imfa inapusitsidwa. Thupi linkatha tikuona, ululu unkakula, ndipo nthano zinayamba kufupika mpaka zinaleka. A Kachingwe anatisiya chipale chofewa chisanasungunuke, masana, Tiyamike atawagwira dzanja. Mulungu awalandire.

Tsiku limenelo m'nyumba munadzaza moti ena anakhala pansi mpaka kukhitchini, tikuimba motsitsa. A Kachingwe anali atakhala osalankhula kuyambira dzulo lake. Kenaka panja panamveka phokoso, wina atapunthwa pansapato zija. Anatsegula maso, anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, ndipo ndinawerama kuti ndimve.

"Mwaimva? Ndi yomwe ija, yadzatenga ambulera yake," anatero. "Ilekeni ilowe. Koma ivule nsapato ngati wina aliyense, ndipo muiuze kuti muno pokhala palibe."